Ngati Mulungu sataya wosokera, mpingo umaduliranji munthu?

M'matchalitchi ambiri zimachitika Lamulungu limodzi lomwelo. Mlaliki amafotokoza za mwana wolowerera, momwe bambo ake anamuthamangira, kumukumbatira ndi kumuphera mwana wa ng'ombe wonenepa. Ulaliki ukatha, mlembi wa mpingo amaima ndi zolengeza, ndipo pakati pa nkhani za chopereka ndi maliro pamamveka kuti uje ndi uje aimitsidwa pa mgonero. Anthu amatuluka akunong'onezana kuti zoona n'ziti. Ena amati mpingo ndi wouma mtima kuposa Mulungu amene umamulalikira. Ena amati alaliki a masiku ano anyanya kunena za chikondi, n'chifukwa chake anthu sakuopanso tchimo.

Mkanganowu sunayambe lero, ndipo sunayambire kuno. Kuti timvetse chomwe mbali iliyonse ikunena, tiyenera kusiyanitsa zinthu zingapo zomwe pokambirana timaziphatikiza: pangano, kulapa, chisomo ndi mwambo wa mpingo.

Pangano

Baibulo likamanena za chikondi cha Mulungu pa anthu ake, kawirikawiri limanena za chikondi chomangidwa pa lonjezo. Pa phiri la Sinai, Mulungu anauza Aisraele kuti iye adzakhala Mulungu wawo, iwo adzakhala anthu ake, ndipo anawapatsa malamulo oti asunge. Chofanana nacho kwathu kuno ndi ukwati wa ankhoswe. Chibwenzi chimatha tsiku lomwe mmodzi watopa. Ukwati wa ankhoswe sutha choncho, chifukwa panali mawu omwe ananenedwa pamaso pa mboni, ndipo wina akalakwa pali njira yobwezera zinthu m'malo. Kulakwa kumakhala kowawa kwambiri chifukwa cha lonjezolo, komanso lonjezo lomwelo ndi limene limapangitsa kuti kubwererana kutheke.

Nkhani ya Sinai imasonyeza kuti pangano linasweka lisanakhalitse n'komwe. Pa Eksodo 32, Mose akadali m'phiri, anthu anasula fano la mwana wa ng'ombe lagolide. Machaputala awiri kutsogolo, pa Eksodo 34:6-7, Mulungu akudzitchula yekha kuti ndi wachifundo, wosakwiya msanga, wodzala ndi chikondi ndi kukhulupirika, wokhululukira zolakwa. Ndime yomweyo ikupitiriza kunena kuti wopalamula sadzamuyesa wosalakwa. Mbali ziwiri za mkangano wa lero zonse zili m'mavesi awiri amenewa. Amene amatsindika chikondi amawerenga theka loyamba mokweza, amene amatsindika chilango amawerenga theka lachiwiri.

Hoseya ndi Gomeri

Palibe buku limene limafika pamtima pa nkhaniyi kuposa la mneneri Hoseya. Iye ankalalikira mu ufumu wa kumpoto wa Israele m'zaka za m'ma 700 Khristu asanabadwe, kuyambira nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri, dziko lili pa ulemerero, mpaka zaka zachisokonezo pamene mafumu ankaphana okhaokha polimbirana mpando. Mzinda wa Samariya, likulu la ufumuwo, unagwa m'manja mwa Asiriya cha m'ma 722 Khristu asanabadwe.

Tchimo limene Hoseya ankadzudzula silinali losiya Mulungu kotheratu. Anthu ankapitabe kukapembedza, nsembe ankaperekabe. Koma pa nkhani ya mvula ndi zokolola ankadalira Baala, mulungu wa Akanani amene ankati ndiye mwini mvula ndi chonde. Pa Hoseya 2:8 Mulungu akudandaula kuti Israele sankadziwa kuti tirigu, vinyo ndi mafuta zinkachokera kwa iye. Anali anthu oponda kuwiri.

Pofuna kuti uthengawo uoneke ndi maso, Mulungu analamula Hoseya kukwatira mkazi wosakhulupirika, Gomeri mwana wa Dibulaimu. Ana atatu amene anabadwa anapatsidwa mayina omwe anali ulaliki paokha. Woyamba anali Yezireeli, dzina la chigwa chomwe kunakhetsedwa magazi ambiri. Wachiwiri, wamkazi, dzina lake linkatanthauza kuti wosachitiridwa chifundo, ndipo wachitatu kuti si anthu anga. Taganizani mayi akuitana ana kudzadya ndi mayina otere, mudzi wonse ukumva. Dzina lachitatulo linali ngati kalata yothetsa pangano la ku Sinai. Komabe chaputala chachiwiri chisanathe, Mulungu akulonjeza kuti adzawatembenuza mayinawo, wosachitiridwa chifundo adzachitiridwa chifundo, ndipo amene sanali anthu ake adzatchedwa anthu ake.

M'chaputala chachitatu Hoseya akuuzidwa kuti apite akakondenso mkazi amene ali ndi mwamuna wina, ndipo akumuwombola ndi masekeli 15 a siliva pamodzi ndi barele. Ndimeyo siitchula dzina la mkaziyo. Ambiri amati ndi Gomeri yemweyo, ena amati ndi wina, ndipo ena akale ankati nkhani yonseyo inali masomphenya chabe chifukwa sankavomereza kuti Mulungu angalamule mneneri wake kuchita zotere. Chimene anthu amachidumpha polalikira n'chakuti mkaziyo atabwerera, panadutsa masiku ambiri awiriwo osakhalira limodzi ngati banja. Anamulandira, koma ubale sunabwerere tsiku limodzi.

Pa chaputala 11 chithunzi chikusintha. Mulungu salinso mwamuna wochitiridwa zachinyengo, ndi kholo limene linaphunzitsa mwana kuyenda, kumunyamula ndi kuwerama kumudyetsa, mwanayo n'kukula n'kufulatira. Chiweruzo chili pafupi kutuluka, koma Mulungu akudzifunsa kuti angamutaye bwanji Efereimu, dzina lina la Israele, ndipo chifukwa chomwe akupereka n'chakuti iye ndi Mulungu, osati munthu. Ngakhale zili choncho, Samariya anagwabe. Mwa kuona kwanga, apa ndi pamene buku la Hoseya limavutira mbali zonse ziwiri. Sililonjeza kuti wokondedwa sakumana ndi zotsatira za zochita zake, komanso silivomereza kuti zotsatirazo ndiye mathero a ubale.

Yesu anatchula mawu a Hoseya 6:6 kawiri mu Mateyu, pa 9:13 ndi pa 12:7, akuti Mulungu amafuna chifundo osati nsembe. Koyambako n'kuti akumudzudzula chifukwa chodya ndi okhometsa msonkho. Dandaulo lomwelo ndi limene linabala mafanizo atatu a pa Luka 15: nkhosa imodzi mwa 100, ndalama imodzi mwa 10, ndi mwana mmodzi mwa awiri. M'mafanizo awiri oyambawo, mwini ndiye amapita kukafunafuna. M'lachitatu, bambo sanatsatire mwana kudziko lakutali, anadikira mpaka mwanayo atakumbukira kwawo. Fanizolo limatha mkulu wake ali panja, atakwiya, ndipo sitiuzidwa ngati analowa.

Kulapa

Kulapa ndi kutembenuka, kusiya njira imene unali kuyenda n'kubwerera. Pamenepa Akhristu onse amagwirizana. Chomwe chasintha m'mbiri ndi momwe wolapa amalandiridwira.

Mayeso aakulu anafika m'chaka cha 250, pamene mfumu ya Aroma Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma ndi kulandira chikalata chotsimikiza kuti watero. Akhristu ena anakana n'kuphedwa kapena kumangidwa. Ambiri anapereka nsembezo, ndipo ena anagula zikalata mwa ziphuphu osapereka nsembe. Chizunzo chitazirala, onsewo anabwera pakhomo la tchalitchi. Ku Rome, wansembe wina wophunzira kwambiri, Novatian, anati mpingo ulibe mphamvu yokhululukira wokana Khristu, ndi Mulungu yekha amene angamuweruze. Cornelius atasankhidwa kukhala bishopu wa Rome mu 251 n'kuyamba kulandira olapa, Novatian anapatuka ndi gulu lake. Ku Carthage, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia, bishopu Cyprian anali pakati pa moto uwiri: ena ankafuna kuti onse alandiridwe nthawi yomweyo, ena ankafuna khomo litsekedwe. Msonkhano wa mabishopu wa mu 251 unagamula kuti mlandu uliwonse uunikidwe pawokha. Ogula zikalata ankatha kubwerera msanga, koma opereka nsembe anayenera kulapa nthawi yaitali n'kulandiridwa akamatsala pang'ono kufa. Chaka chotsatira lamuloli linafewetsedwa poopa chizunzo china. Cyprian mwiniyo anabisala pa nthawi ya Decius, zomwe adani ake sanamuiwalire, koma anadzaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro mu 258.

Mkangano wofanana unabukanso kumpoto kwa Africa komweko pambuyo pa chizunzo cha mfumu Diocletian chomwe chinayamba mu 303. Gulu la Donatus linkati m'busa amene anapereka mabuku opatulika kwa ozunza sangabatize kapena kudzoza wina. Mpingo wa kumeneko unagawikana kwa zaka zoposa 100.

M'zaka zimenezo kulapa machimo aakulu kunkachitika poyera, ndipo munthu ankaloledwa kamodzi kokha m'moyo wake. Olapa ankavala ziguduli, kudzola phulusa ndi kukhala paokha m'tchalitchi. Chifukwa mwayi unali umodzi, ambiri ankazengereza mpaka atadwala mwakayakaya. Amonke a ku Ireland ndiwo anafalitsa njira ina cha m'ma 500 ndi 600: kuulula mwamseri kwa wansembe, mobwerezabwereza. Mu 1215 msonkhano wa mabishopu wa Lateran, ku Rome, unalamula kuti Mkatolika aliyense aziulula machimo ake kosachepera kamodzi pa chaka. Phulusa limene Akatolika ndi Aanglikani amadzola pa Lachitatu la Phulusa ndi chotsalira cha mwambo wakale uja, kungoti tsopano mpingo wonse umaima pamalo pomwe kale pankaima olapa okha.

Martin Luther, pa mfundo yoyamba mwa 95 zomwe analemba mu 1517, anati Yesu polamula kuti tilape ankatanthauza kuti moyo wonse wa wokhulupirira ukhale wolapa. Mipingo yotuluka m'kukonzanso kwa mpingo inasiya kuona kuulula kwa wansembe ngati lamulo, n'kuika pemphero lovomereza machimo m'mapemphero a gulu lonse.

Chisomo

Funso la chisomo ndi lakuti: wosokera akabwerera, wayamba ndani, iyeyo kapena Mulungu? Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, ankaopa kuti kulankhula kwambiri za kufooka kwa munthu kumapatsa Akhristu chifukwa chokhalira aulesi, ndipo ankati munthu ali ndi mphamvu yomvera ngati atafuna. Augustine, bishopu wa Hippo, mzinda womwe lero ndi Annaba ku Algeria, anayankha kuti ngakhale kufuna kubwererako ndi mphatso ya Mulungu. Msonkhano wa ku Carthage wa mu 418 unatsutsa chiphunzitso cha Pelagius.

Izi sizinathetse nkhani. Funso linangosuntha n'kukhala lakuti kodi amene Mulungu wamugwira angathe kuchoka m'manja mwake? Otsatira a John Calvin, pa msonkhano wa ku Dort mu 1618 ndi 1619, anati wosankhidwa akhoza kugwa moipa ngati Davide kapena Petro, koma Mulungu samulola kutayika kotheratu. Amatsamira pa Yohane 10:28-29, pomwe Yesu akuti palibe angakwatule nkhosa zake m'dzanja lake. Otsatira a Jacobus Arminius, kenako John Wesley ndi Amethodisti, komanso mipingo yambiri ya Chipentekoste, amaphunzitsa kuti munthu angathe kukana chisomo ngakhale atachilandira kale, ndipo amaloza machenjezo a pa Ahebri 6:4-6. Akatolika, molingana ndi msonkhano wa ku Trent wa 1545 mpaka 1563, amati tchimo lalikulu limachotsa munthu m'chisomo, ndipo sakramenti la kulapa limamubwezeramo.

Kumva mikanganoyi, munthu angaganize kuti mipingoyi imasiyana pa chikondi cha Mulungu. Sipamenepo. Onsewa amavomereza Aroma 5:8, kuti Khristu anafera anthu akadali ochimwa. Amasiyana pa mbali ya munthuyo: ufulu wake umafika pati. Pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutherani anasaina chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, osati chifukwa cha kuyenera kwake. Amethodisti anachivomereza mu 2006, ndipo bungwe la dziko lonse la mipingo ya Reformed, yotsatira chiphunzitso cha Calvin, linatero mu 2017.

Mwambo wa mpingo

Tsopano tibwerere kwa mlembi ndi zolengeza zake. Mwambo wa mpingo ndi njira imene mpingo umatsata podzudzula membala wolakwa. Maziko ake ndi Mateyu 18:15-17: yamba kulankhula naye pa awiri, akakana tenga mboni, akakananso uza mpingo. Paulo analamula Akorinto kuchotsa munthu wina pakati pawo pa 1 Akorinto 5, koma pa 2 Akorinto 2:5-8 akuwauza kuti chilango cha wolakwa chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza kuti chisoni chingamumize. Mipingo ya Reformed inaukweza kwambiri mwambowu. Chivomerezo cha Belgic cha mu 1561 chimauwerenga pamodzi ndi kulalikira Mawu ndi masakramenti ngati zizindikiro zitatu za mpingo woona.

Ku Malawi unabwera ndi amishoni a ku Scotland, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, komanso a Dutch Reformed ochokera ku South Africa amene anayambira ku Mvera mu 1889. Mipingo yawo ndi imene inapanga CCAP mu 1924, Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Milandu imene inkabwera kawirikawiri pa bwalo la akulu a mpingo inali ya chigololo, mitala, mowa, kuombeza ndi miyambo monga gule wamkulu. Si onse anavomereza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ena ochokera mu Livingstonia anayambitsa African National Church, yomwe inkalandira amitala.

Oteteza mwambowu amati kuimitsa munthu pa mgonero si kumuchotsa m'chikondi cha Mulungu, chifukwa mpingo ulibe mphamvu yotero. Amati woimitsidwa saletsedwa kubwera ku tchalitchi, amapatsidwa nthawi yophunziranso, ndipo cholinga n'chakuti abwezedwe, monga ankhoswe amakhazika pansi wolakwa kuti banja lipitirire. Amawonjeza kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mpingo wosadzudzula umasiya olakwiridwa opanda powatetezera. Odandaula amati zolembedwazo n'zabwino koma zochitika n'zina: manyazi olengezedwa pagulu amathamangitsa anthu ambiri kuposa amene amabwerera, ndipo ena amangosamukira ku mpingo wina komwe sakuwadziwa. Kwa Akatolika nkhani yofanana imaoneka pa amene ali m'banja losadalitsidwa m'tchalitchi, omwe amabwera ku Misa koma salandira Ukaristia. Misonkhano ya mabishopu ku Rome mu 2014 ndi 2015 inakambirana kwambiri za osudzulana amene anakwatiranso, ndipo zimene Papa Francis analemba pambuyo pake mu 2016 mabishopu a m'mayiko osiyanasiyana anazimva mosiyana.

M'mapemphero

Chiphunzitsochi anthu ambiri samachiphunzira m'kalasi, amachimva pobwerezabwereza. Misa imayamba ndi kuvomereza machimo ndi kupempha chifundo, kuwerenga Mawu kusanayambe. M'mipingo ya Chipresibeteriyani, sabata ya mgonero imakhala ndi mapemphero okonzekera kuti aliyense adziyese. Ku misonkhano ya chitsitsimutso mlaliki saitana osatembenuka okha, amaitananso obwerera m'mbuyo. Salimo 136 lili ndi mavesi 26, ndipo vesi lililonse limatha ndi mawu amodzimodzi onena kuti chikondi chake n'chosatha, zomwe zimasonyeza kuti linkaimbidwa mopolokozana, mtsogoleri akutchula ntchito za Mulungu, gulu likuvomera. Salimo 51 limalumikizidwa ndi Davide atadzudzulidwa ndi Natani pa nkhani ya Batiseba ndi Uriya. Mawu a pa Maliro 3:22-23, oti chifundo cha Mulungu chimakhala chatsopano m'mawa uliwonse, amene ambiri amayambira nawo pemphero la m'mawa, analembedwa polira Yerusalemu atawonongedwa ndi Ababulo cha m'ma 587 Khristu asanabadwe. Ku miphakati, ku milaga, ku Mvano ndi ku Chigwirizano, nthawi zambiri amayi ndiwo amadziwa amene wasiya kubwera, ndipo ndiwo amapita kukamuona akulu a mpingo asanamve n'komwe.

Zomwe zikadali pa mkangano

Funso loyamba ndi lakale ngati Paulo, amene pa Aroma 6:1 anafunsa ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke. Anayankha kuti ayi, koma mpaka lero alaliki sagwirizana kuti chikondi chosatha chingalalikidwe bwanji popanda kuchisandutsa chilolezo, kapena kuti chenjezo lingaperekedwe bwanji popanda kubweza amene anali kale m'njira yobwerera.

Lachiwiri ndi la amene chilango chimawagwera. Mtsikana wotenga mimba asanakwatiwe sangabise, pamene mnyamata kapena bambo amene anamupatsa mimbayo angathe kukana. Katangale, kubera antchito malipiro ndi nkhanza za m'banja sizioneka ndi maso, ndipo nthawi zina wochita zimenezi ndi amene amapereka zambiri pa chitukuko cha tchalitchi. Hoseya 4:14 ali ndi mawu odabwitsa pa nkhaniyi: Mulungu akuti sadzalanga ana aakazi chifukwa cha chiwerewere, popeza amunawo ndi amene amapita kwa akazi adama. Mipingo ina yayamba kuunikanso njira zake, ina imati vuto si lamulo koma oligwiritsa ntchito.

Lachitatu likukhudza Hoseya mwiniyo. M'chaputala chachiwiri muli mawu oopsa, mwamuna akuopseza kuti adzavula mkazi wake ndi kumutsekera njira ndi minga. Akatswiri ena a Baibulo, makamaka amayi, amachenjeza kuti chithunzi choika mwamuna pamalo a Mulungu ndi mkazi pamalo a wochimwa chingalimbikitse nkhanza. Kumbali ina, nkhani ya kukhulupirika kwa Hoseya imagwiritsidwa ntchito pouza mkazi wozunzidwa kuti banja ndi kupirira. Ena amayankha kuti bukuli likunena za Mulungu ndi mtundu wa Israele, si malangizo a ukwati. Kodi chikondi cha Mulungu chosataya munthu ndi chitsanzo choti aliyense atsatire m'banja lake zivute zitani, kapena ndi chinthu chimene Mulungu yekha angachite? Apa alangizi a mabanja m'mipingo amasiyana kwambiri.

Lomaliza ndi la atsogoleri. Petro anakana Yesu katatu, ndipo pa Yohane 21 anafunsidwa katatu ngati amamukonda, n'kupatsidwanso nkhosa kuti aziwete. Ena amatenga zimenezi ngati umboni wakuti m'busa wogwa akalapa abwerere pa guwa. Ena amati kukhululukidwa ndi kupatsidwanso udindo ndi zinthu ziwiri, makamaka pamene tchimolo linavulaza ana, akazi kapena chuma cha mpingo, ndipo kuti olakwiridwawo ayenera kufunsidwa maganizo awo asanabwezedwe. Ndani ayenera kugamula kuti kulapa kwa mtsogoleri n'koona, ndipo padutse nthawi yaitali bwanji, ndi nkhani imene mpingo uliwonse ukuyankhabe mwa njira yakeyake.